Kolosi ya propushafuti imachenjeza isanaduke

Phunziro lapadera pa sukulu ya alimi ya m'munda, kwa Kabudula

Ine ntchito yanga ndi ya kunsi kwa galimoto. Khasu ndimaligwira Loweruka lokha, choncho za mbewu musandifunse, mungandichititse manyazi pamaso pa apongozi.

Mlungu uliwonse mukakumana pano mumalowa m'munda m'timagulu. Mumatembenuza masamba, mumasuzumira m'nsonga ya chimanga kuti muone ngati ntchemberezandonda yasiyamo zitosi, mumajambula zomwe mwaona papepala, kenaka mumagwirizana chochita. Simudikira kuti chimanga chidyedwe chonse ndiye mudziwe kuti mbozi inalowa. Chimene ndabwera kudzapempha ndi chimodzi: chizolowezi chomwechi muchitengere kunsi kwa galimoto imene imanyamula zokolola zanu, kaya ndi ya gulu, kaya ndi ya hayala. Kumeneko kuli kachitsulo kamene kamadwala poonekera. Kamalira milungu ingapo anthu akumva, koma kamasiyidwa mpaka kaduke galimoto itadzaza katundu.

Kachitsuloko ndi aka kali m'manja mwangamu. Ndabweretsa tiwiri, katsopano ndi kakutha. Tiyende m'manja mwa aliyense, musaope kuda. M'mabuku amakatchula kuti yunivesa joyinti, koma ku galaja timangoti kolosi, chifukwa kanapangidwa ngati mtanda wa mikono inayi.

Ntchito yake

Injini ili kutsogolo, matayala okankha ali kumbuyo. Mphamvu imachoka mu injini, imadutsa mu giyabokosi, kenaka imayenda m'chipaipi chachitsulo chimene chagona kunsi kwa galimoto mpaka ku difu, chimphika chija mumachiona pakati pa matayala akumbuyo. Chipaipi chimenechi ndicho propushafuti. Tsono giyabokosi inamangiriridwa ku chesesi, siyendayenda. Difu ndiyo imakwera ndi kutsika pamodzi ndi matayala pa dzenje lililonse. Mutamanga paipi youma gwa pakati pa zinthu ziwirizi, ikhoza kuthyoka musanafike n'komwe pa Nsaru. Pamafunika mfundo yoti izipindika uku ikuzungulira, monga dzanja la amayi limachitira akamavundula nsima. Mfundoyo ndiyo kolosi.

Kumapeto kwa shafuti kuli mphanda ya makutu awiri, yofanana ndi mphanda ya chigafa. Kumbali ya difu kulinso mphanda ina. Kolosi imakhala pakati pawo, mikono iwiri m'mphanda iyi, mikono iwiri m'mphanda inayo. Mkono uliwonse unavala kapu yachitsulo. Vulani kapu imodzi pa katsopanoko muone, koma mosamala. M'kati muli timasingano tachitsulo tondandalikana mozungulira, tomata ndi girisi, ndipo pakamwa pa kapu pali kalabala kotchinga madzi ndi fumbi. Mphamvu yonse imene imakoka matumba anu imadutsa pa timasingano timeneti. Tsopano vulani kapu pa kakuthako. Timasingano tinasanduka ufa wofiira, ndipo mkono unakumbika mizeremizere.

Pikapu yokoka ndi matayala onse anayi, monga Land Cruiser kapena Hilux, ili ndi mashafuti awiri, yakumbuyo ndi yakutsogolo, choncho makolosi amakhala anayi, pa zina kuposerapo. Malole aatali monga Canter ndi Dyna, ambiri shafuti yake imakhala ya zigawo ziwiri, yogwiridwa pakati ndi beringi, ndipo makolosi amakhala atatu.

Tiwerengeko pang'ono, poti masamu mumachita kale mukamayeza mizere. Tayala la Land Cruiser likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.5. Galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, ndiye kuti ikuyenda mamita 1,000 pa mphindi, tayala likuzungulira ka 400. Shafuti imazungulira pafupifupi kanayi pamene tayala lazungulira kamodzi. Ndiye ka 1,600 pa mphindi, kupitirira ka 25 pa sekondi imodzi. Chitsulo chotalika kuposa mkono wanu, cholemera, chikuzungulira chotero kunsi kwa anthu amene akhala pamwamba pa matumba. Chikuchigwira ndi kamtanda kali m'manja mwanuko.

Chifukwa chake kuno zimatha msanga

Galimoto ya m'tauni ikhoza kutha zaka zambiri kolosi isanakhudzidwe. Yathu kuno ayi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi imasambira m'matope ndi m'madambo. Shafuti yotentha ikalowa m'madzi ozizira, madzi amapeza njira pa kalabala kaja, girisi amasukuluka, dzimbiri limayamba. Mvula ikatha pamabwera fumbi, ndipo fumbi losakanikirana ndi girisi limapala chitsulo ngati mchenga wotsukira mapoto.

China ndi katundu. Pikapu ya tani imodzi, katundu wake ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Inu ndi ine tikudziwa kuti timaikapo 30, anthu n'kukwera pamwamba, njinga n'kumangidwa kumbuyo. Eni galimoto ena amawonjezera masipuling'i kuti isagwade. Galimoto imakwera m'mwamba ndithu, koma shafuti imapendekeka kuposa mmene anaipangira, ndipo kolosi yogwira ntchito itapindika kwambiri imatha msanga.

Palinso udzu, twaini wa fodya, waya ndi majumbo zimene shafuti imakulunga mukadutsa m'munda kukatenga katundu. Zimenezi zimadula kalabala, ndipo udzu wouma woyandikana ndi ekizozi umatha kugwira moto. Chomaliza ndi dalaivala amene watuluka m'matope, wafika pa tala, koma waiwala kuchotsa giya ya matayala anayi. Pa galimoto zimene giya imeneyi umachita kulowetsa wekha, kuyenda nayo pa msewu wouma wolimba kumapotokola mashafuti onse awiri, chifukwa pokhota matayala akutsogolo ndi akumbuyo sayenda mtunda wofanana.

Kumva ndi kuona

Simufunika kukhala makaniko kuti mumve kolosi yodwala. Mukakwera galimoto, tcherani khutu pa zinthu izi. Dalaivala akalowetsa giya n'kunyamuka, kapena akasintha kuchoka kutsogolo kubwerera m'mbuyo, kunsi kukumveka kuti "gu!" ngati wina wamenya mbiya ndi mwala. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono pakumveka kulira kwa "tswi, tswi, tswi" ngati anapiye, ndipo kuliraku kukufulumira galimoto ikamafulumira. Ameneyu ndi girisi amene watha. Mukafika pa msewu wabwino liwiro n'kukwera, mpando ndi pansi popondapo payamba kunjenjemera, galasi loonera kumbuyo silikuonetsa bwino. Madalaivala ambiri apa amathamangira kunena kuti ndi matayala. Nthawi zina ndi matayaladi, koma musavomere musanalowe kunsi.

Kulowa kunsi kuli ndi malamulo ake, ndipo apa sindiseka. Galimoto iime pamalo osatsetsereka. Matayala atsekerezedwe ndi miyala ikuluikulu kapena zipika, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Injini izimitsidwe, ndipo makiyi akhale m'thumba mwa munthu amene akulowa kunsiyo, osati mwa dalaivala. Giya ikhale pa nyutulo kuti shafuti imasuke. Land Cruiser ndi malole n'zazitali mokwanira kuti munthu alowe popanda kunyamula. Ngati galimoto yafunika kunyamulidwa, jeke yekha si wodalirika. Ikani zipika zolimba kunsi kwa chesesi. Njerwa ayi, njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Mukalowa, yambani ndi maso. Yang'anani kuzungulira makapu anayi aja. Mukaona ufa wofiira ngati wa katondo, kolosi imeneyo yauma ndipo ikudzidya yokha. Onani ngati kalabala kang'ambika, ngati kawaya kotsekera kapu kalipo, ngati mabawuti ali onse. Kenaka dzanja limodzi ligwire shafuti, lina ligwire mphanda ya ku difu, mupotokole uku ndi uku. Mukankhenso m'mwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Difu payokha imasewera pang'ono, zimenezo musadabwe nazo. Chimene mukufuna ndi kusewera kwa pakati pa mphanda ziwirizo, pa kolosi penipeni. Pamenepo sipayenera kugwedera ngakhale pang'ono. Dzanja likamva kugwedera, kolosi yatha, ndipo girisi sangaichize. Girisi angoitseka pakamwa masiku awiri.

Pali ina imene sigwedera koma inauma gwa. Imeneyi imadziwika shafuti ikatsitsidwa: mukaipinda ndi manja imakana, kapena imayenda modukizaduka. Nayonso ndi yosintha.

Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka china mu Meyi. Anandidzutsa usiku kuti lole yafera panjira ili ndi mabelo a fodya a anthu a kalabu ina, opita ku okushoni ku Kanengo. Dalaivala anavomera yekha kuti kugunda kuja anakumva kuyambira mu Malichi, koma mwini lole ankati tidzakonza tikalandira ndalama za maulendowa. Kolosi ya kutsogolo kwa shafuti ndiyo inaduka. Shafuti inagwa, inamenya kunsi kwa lole, inadula paipi ya mabuleki, n'kung'amba nyumba ya giyabokosi. Mwayi wake anali pa chitunda, akuyenda pang'onopang'ono. Pa liwiro, shafuti ikagwa chakutsogolo imatha kuzika pansi n'kunyamula galimoto kumbuyo. Alimi anagona masiku awiri m'mbali mwa msewu kulondera mabelo, analipira lole ina, ndipo tsiku lawo loperekera fodya linadutsa. Palibe mmodzi wa iwo amene anali mwini lole, koma ndiwo analipira kolosi imene sinasinthidwe.

N'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi ndi yanu, si ya madalaivala okha. Mukachita hayala galimoto, muli ndi ufulu wopempha kuti mmodzi wa inu asuzumire kunsi musanakweze thumba loyamba. Mwini galimoto amene akukana zimenezi wakuuzani kale yankho.

Kugula

Mtengo sinditchula, chifukwa pepala limene mulandire lidzakhalitsa kuposa mtengowo. Zitsulo zonsezi zimachokera kunja, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene sichisintha n'chakuti kolosi ndi chimodzi mwa zitsulo zotsika mtengo kunsi kwa galimoto, pamene shafuti yathunthu ndi giyabokosi ndi zina mwa zodula kwambiri.

Makolosi amafanana m'maso koma amasiyana miyeso. Pali kukula kwa kapu, pali kutalika kuchokera kapu iyi kufika kapu inayo, palinso malo amene kawaya kotsekera kamakhala. Kawayaka timakatchula kuti sekilipu. Pa galimoto zina kamakhala kunja kwa khutu la mphanda, pa zambiri za Toyota kamakhala m'kati. Wopita ku Lilongwe kukagula, kaya ku Malangalanga kaya kwina, anyamule kolosi yakale m'jumbo ndi nambala ya chesesi papepala. Akaike yakale ndi yatsopano pamodzi pa kauntala. Asakhulupirire bokosi lokha, mabokosi a mayina otchuka amakopedwa. Atsegule, aone ngati timasingano tadzaza bwino m'kapu, ngati labala ndi wofewa, ngati masekilipu anayi alimo. Ine ndimakonda yokhala ndi nipo yopoperapo girisi. Zotsekeratu zilipo ndipo zina ndi zabwino, koma kuno kumene timawoloka madzi ndi bwino kukhala ndi njira yotulutsira girisi wakuda. Yakale ya pa galimoto yophwasulidwa musagule. Mukugula matenda a mnzanu.

Ngati thumba likulola, sinthani makolosi onse a shafuti imodzi nthawi imodzi. Anayamba ntchito tsiku limodzi, awoloka madambo omwewo.

Kusintha kwake

Ndifotokoza ntchito yonse, osati kuti aliyense akaichite yekha, koma kuti mukaima pambali pa makaniko muzidziwa chimene mukuona. Achinyamata amene muli ndi manja a zitsulo, mukaiona kawiri mudzaitha. Zida zake ndi masipanala, hamala, pulayala ya masekilipu, masoketi awiri, ina yaikulu kuposa kapu ndi ina yocheperapo pang'ono, vayisi ngati ilipo, nsanza zoyera, ndi chopopera girisi.

Onjezerani miyala ku matayala. Mukachotsa shafuti yakumbuyo, giya sigwiranso galimoto. Pa malole ambiri ndi ma Land Cruiser akale, handibuleki imagwira kumbuyo kwa giyabokosi osati ku matayala, choncho shafuti ikachoka nayonso handibuleki yatha ntchito. Anthu apsinjidwapo ndi galimoto chifukwa chosadziwa zimenezi.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, lembani zizindikiro ndi penti kapena kukanda ndi msomali: pamene shafuti yakumana ndi difu, pamene yakumana ndi giyabokosi, pa mphanda ziwiri zimene mukuzilekanitsa, ndi pamene shafuti imalowana yokha ngati mlongoti wa wailesi. Apa ndi pamene amakaniko othamanga amalakwitsa, ndiye ndifotokoze chifukwa chake. Kolosi imodzi ikamazungulira itapindika, mbali yolandira mphamvu siyenda liwiro limodzi. Imafulumira n'kuchedwa, kufulumira n'kuchedwa, kawiri pa kuzungulira kumodzi. Robert Hooke wa ku England anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1600, galimoto kulibe. Mankhwala ake ndi kolosi yachiwiri kumapeto enawo, imene imachedwa pamene inzake yafulumira. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: uyu akatsitsa musi, uyo wakweza. Akasemphana, misi imawombana. Kuti makolosi awiri amvane chotero, mphanda za kumapeto onse a shafuti ziyenera kubwerera mmene zinalili. Mukasemphanitsa ndi dzino limodzi lokha, galimoto idzanjenjemera ngakhale makolosi ali atsopano. Mudzaonanso tizitsulo tating'ono towotcherera pa paipi. Si zigamba, ndi toyezera kulemera kuti shafuti izungulire mosatsimphina. Tisachotsedwe.

Mukamasula mabawuti, tsitsani shafuti muigoneke pa thabwa. Paipi yake isamenyedwe ndi hamala ndipo isafinyidwe mu vayisi, chifukwa ikangobonyoka yawonongeka. Tsukani matope, chotsani masekilipu onse anayi. Ikani khutu limodzi la mphanda pamwamba pa soketi yaikulu ija, soketi yaing'ono ikhale pa kapu ya pamwamba, ndiye mumenye kapena mufinye ndi vayisi. Kapu ya pansi idzatuluka kulowa m'soketi yaikulu. Igwireni ndi pulayala, muipotokole ichoke. Tembenuzani, mukankhe kolosi kubwerera kuti kapu inayo itulukenso. Chitani chimodzimodzi pa mphanda yachiwiri. Yadzimbiri ithirireni mafuta idikire. Moto wa gasi pa mphanda ine sindiulola, umafewetsa chitsulo.

Musafulumire kuika yatsopano. Pukutani mabowo a mphanda, palani dzimbiri m'timizere ta masekilipu, muyang'anitsitse. Ngati bowo lakula moti kapu yatsopano ikungolowa ndi chala, kapena khutu lapindika kapena lachita mng'alu, mphandayo yatha, ndipo kolosi yatsopano idzafera momwemo. Ena amawotcherera kapu ku mphanda kuti isatuluke. Kutentha kwake kumapsereza labala ndi girisi nthawi yomweyo, ndipo wodzasintha mawa adzasowa pogwira.

Tsopano pofunika kudekha. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Vulani makapu a kolosi yatsopano muwaimike pa nsanza yoyera, kukamwa kuli m'mwamba. Pakani girisi pang'ono ndi chala kuti timasingano timatirire m'mbali. Lowetsani mtanda m'mphanda, nipo iyang'ane kumbali ya paipi, pamene chopopera chidzafike shafuti ikamangidwa. Ikani kapu yoyamba pabowo, muilowetse pang'ono, ndiye mukankhire mkono wa mtanda m'kati mwake kuti timasingano tisapeze pogwera. Finyani ndi vayisi pang'onopang'ono. Ikani sekilipu yake. Ikani kapu ya mbali inayo, mubwezere mtanda pakati kuti mikono yonse iwiri ikhale italowa m'makapu, ndiye mufinye. Ngati mulibe vayisi ndipo mukugwiritsa ntchito hamala, menyani mofatsa, mtanda uli m'kati mwa kapu nthawi zonse.

Kapu ikakana kufika pamalo pake, kamzere ka sekilipu osaoneka, musawonjeze mphamvu. Kasingano kamodzi kagwa, kagona pansi pa kapu. Mukakakamiza mukathyola kapena muboola kapu, ndipo ndalama ya gulu yapita. Tulutsani, kaimikeni, yambaninso. Zimandichitikira ngakhale ine amene ndakalambira pa ntchitoyi.

Masekilipu onse anayi akhale atsopano ndipo alowe m'mizere yake mpaka kumveka kuti "tswa". Kenaka gogodani makutu a mphanda ndi hamala pang'ono kuti makapu akhazikike. Pindani mfundoyo ndi manja mbali zonse. Iyende mosalala, yosagwedera, yosakakamira. Bwezerani shafuti motsata zizindikiro zija. Mabawuti ake ndi a chitsulo cholimba mwapadera. Imodzi ikasowa musalowetse ya ku hadiweya yomangira ngolo. Mangani mopingasa, iyi kenaka ya kutsidya kwake, molimba ndithu. Yendani ulendo waufupi wopanda katundu, mumvetsere, mubwere mudzayesenso mabawuti.

Mukadzaona makaniko wamaliza, pemphani kolosi yakale ibwere ku gulu pamodzi ndi lisiti. Si kumukayikira, ndi mmene msungichuma amatsekera buku lake.

Girisi

Kolosi yatsopano imabwera ndi girisi wongoiteteza m'bokosi, si wokwanira ntchito. Gwiritsani ntchito girisi wa lithiamu wa nambala 2, amene amapezeka m'masitolo a zitsulo ndi m'malo omwetsera mafuta. Pukutani nipo musanalumikize chopopera, kuopa kukankhira mchenga m'kati. Popani mpaka girisi watsopano aonekere pa malabala onse anayi. Atatu akatulutsa, imodzi ayi, ndiye kuti mkono umodzi ukugona ndi njala. Gwedezani shafuti, popaninso. Pamalo polowana paja palinso nipo, koma pamenepo popani pang'ono chabe, mukadzazitsa shafuti imalephera kufupika ndipo imakankha giyabokosi.

Kangati? Nthawi iliyonse mukasintha oyilo wa injini. M'dzinja musadikire oyilo: galimoto ikawoloka madzi ofika pa shafuti, ipopedwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Shafuti yakutsogolo musaiiwale poti m'chilimwe sigwira ntchito. Chitsulo chongokhala chimachita dzimbiri, ndipo mudzachifuna tsiku limene mwatitimira ndi mayi woyembekezera kumbuyo, mukuthamangira ku chipatala cha Kabudula. Oyilo wakutha wa mu injini si girisi, amangotsika n'kusiya timasingano touma. Chopopera girisi chimodzi gulu likhoza kugula, n'kumasungidwa ndi munthu mmodzi wodziwika.

Wina anandifunsa tisanayambe kuti nanga ikadukira kutchire. Ngati ndi galimoto ya matayala anayi ndipo yaduka ndi yakumbuyo, tsekerezani matayala, masulani shafuti yonse muiike m'bodi, tsekani mahabu akutsogolo, lowetsani giya ya matayala anayi, muyende pang'onopang'ono ndi akutsogolo okha. Onetsetsani kuti kumbuyo kwa giyabokosi sikukutuluka oyilo, ndipo katundu wolemera atsitsidwe. Imeneyi ndi njira yofikira kunyumba, si yopitira ku msika.

Za thirakitala

Ndisakhale pansi ndisananene za makolosi ena amene ali pafupi kwambiri ndi matupi anu. Kumbuyo kwa thirakitala kumatuluka shafuti yoyendetsa makina otonolera chimanga, opunthira soya kapena opopera madzi. Ili ndi makolosi awiri ofanana ndi awa, ndipo kuyeza kwake, kusintha kwake ndi girisi wake n'chimodzimodzi, kungoti iyi imafuna girisi tsiku lililonse la ntchito. Shafuti imeneyi imazungulira ka 540 pa mphindi. Ndiye ka 9 pa sekondi imodzi. Nsonga ya chitenje, mpango, mkono wa jekete kapena chingwe cha thumba chikangokodwa pa nipo kapena pa bawuti, munthu alibe nthawi yoti akuwe, ngakhale woyendetsa alibe nthawi yozimitsa. Imabwera ndi chikuto cha pulasitiki chimene chimaima chokha shafuti ikuzungulira m'kati. Eni makina ambiri amachichotsa chikasweka, kapena poti chimavutitsa popopa girisi. Amayi, inu ndi amene mumakhala pafupi ndi makina, kuthira zitsononkho ndi kuchotsa matumba. Makina obwera pakhomo panu shafuti ili maliseche, akanizeni. Wina asadumphe shafuti ikuzungulira, azungulire thirakitala. Ana akhale kutali. Chikakodwa chilichonse m'makina, injini izime kaye, makiyi achoke.

Tili mu Malichi. Mwezi wamawa soya ayamba kuuma, msika wa fodya umatsegulidwanso chapamenepo, kenaka mtedza ndi chimanga. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse ya kuno idzakhala pa msewu usana ndi usiku, ndipo palibe mwini wake amene adzalole kuti iime tsiku lathunthu. Nthawi yolowa kunsi ndi ino, matope a dzinja asanaume pa makapu.

Ndapempha a wapampando kuti mlungu wamawa, mukatuluka m'munda, pikapu ija imakunyamulirani katundu idzaime pano. Mudzalowa kunsi awiriawiri, amayi ndi abambo omwe, m'timagulu tanu tomwe tija. Kagulu kalikonse kadzawerenge makolosi, kadzagwedeze iliyonse, kadzajambule papepala pamene kaona ufa wofiira kapena labala wong'ambika, ndiye mudzafotokozere anzanu monga mumachitira ndi chimanga. Ine ndidzangoima pambali ndi chopopera girisi. Alembi atsegule tsamba latsopano m'buku la gulu, lolembapo tsiku limene girisi wapopedwa ndi dzina la wopopayo. Mubwere ndi masaka akale oyala pansi, tochi imodzi, ndi zovala zimene simudandaula nazo.

Tizitsulo tanga tija tibwerere kuno, katsopanoko kali ndi mwini wake akukadikira pa Nsaru.